Chelo cha Zione M'chigayo cha kwa Likotima

Sendezani mipando kuno, mphepoyi ingatilande mawu. Nkhani iyi ndi ya Zione Kalimbuka, mayi uja mumamuona pa siteji masiku ano atavala jombo, akuliza chida chachikulu mpaka malata kunjenjemera. Sanayambe choncho ayi. Ine ndine wa kwa Likotima komweko. Zina mwa izi ndinaziona ndi maso angawa, zina anandiuza ndi eni ake.

Kwa Likotima ndi mudzi wa m'tauni, kunja kwa Blantyre, kumene nyumba zinachita kukwera phiri ngati mbuzi. Bambo ake a Zione anali ndi chigayo kumeneko, nyumba ya njerwa zootcha yomangidwa pa thanthwe. Atamwalira, injini inagulitsidwa, nyumbayo n'kutsala yopanda kanthu. Ana anasiya awiri, Zione ndi mlongo wake wamng'ono, Fatsani.

Zione ali kusukulu ya mishoni, sisitere wina wokalamba wa ku Ulaya anaona zala zake zazitali n'kumupatsa chelo. Amene simunachionepo, chelo chili ngati vayolini wamkulu. Amachiimika pansi pakati pa mawondo, n'kumakwecha nsambo zake ndi uta wa ubweya wa hatchi. Sisitereyo anamuphunzitsa kuwerenga nyimbo papepala, kukhala msana uli wowongoka, ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka kutopetsa: "Uta usakuwe. Chida ichi chimalankhula ngati munthu waulemu." Zione anamvera. Anamvera bwino kotero kuti anapita kukaphunzira ku Cape Town, n'kupeza mpando m'gulu lalikulu la oimba nyimbo za akatswiri akale, kumene omvera amaopa ngakhale kutsokomola.

Fatsani anatenga njira ina. Iye anali wa ng'oma, madiramu aja omenya ndi manja onse ndi mapazi omwe. Anagwirizana ndi Sosteni, wowotcherera zitsulo amene ankaliza gitala yamagetsi, ndi Asiyatu, mayi wogulitsa kaunjika amene akatsegula pakamwa kuimba unkayesa mkango walowa m'mudzi. Anasesa chigayo chakale chija n'kumaimbiramo nyimbo zolemera zimene iwo ankazitcha metulo. Anthu a kwa Likotima ankazitcha dzina lina. Ankati ndi za satana, ndipo amayi ankakoka ana awo akamadutsa pamenepo.

Fatsani sankadandaula. Ankangoimbira foni mlongo wake n'kumuseka.

"Achemwali, chida chanucho chili ndi mawu a pansi amene ife tikuwasowa. Mukuchizunza ndi ulemu. Bwerani nacho kuno chidzapume."

"Iwe, phokoso lakolo lingandithyolere nsambo," ankayankha Zione akuseka. "Ndikadzabwera ndidzamva."

Kenako kunadza chaka cha namondwe. Mvula inagwa osakata mpaka phiri linakhuta madzi n'kusanza. Matope, miyala yaikulu ngati minibasi, mitengo ndi mizu yake yomwe, zonse zinatsetsereka kudutsa pakati pa mudzi. Nyumba ya mayi awo a Zione, a Nachisale, inapulumuka. Chigayo chinapulumukanso. Fatsani naye anali atapulumuka, koma atamva kukuwa kumunsi anathamangirako ndi khasu. Anatulutsa ana a nyumba ina. Atabwerera kukatenga mayi wa anawo, phiri linasanzanso.

Sanapezeke. Ndipo sanali yekha. Pafupifupi mzere uliwonse wa nyumba unali ndi wake amene matope sanamubweze.

Zione anabwera kumudzi ndi chelo chake kumsana. Anapeza akuluakulu akukambirana zoti aike thunthu la nthochi m'manda, monga timachitira munthu akasowa thupi, kuti maliro athe. A Nachisale anawamvera mpaka anamaliza, kenako anati, "Ine sindinabereke nthochi." Atanena zimenezo anatseka pakamwa. Sanalire. Ankadzuka, kusesa, kukhala pakhonde nkhope italoza kuphiri, ndipo ukawalankhula ankangoyankha ndi mutu.

Zione sakanawasiya choncho. Anapempha tchuthi ku gulu lake lija, napeza ntchito yophunzitsa nyimbo pasukulu ina ya ana a anthu olemera, ndipo Loweruka ankaimba pa maukwati a m'mahotela, anthu akudya osamumvera. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankaliza chelo m'chipinda chake. Anandiuza yekha kuti zala zinkayenda bwino, koma ankamva ngati akuchapa mbale.

Choyamba kusintha chinali nsambo.

Tsiku lina m'mawa, nthawi yotentha itayamba, anatulutsa chelo m'bokosi mwake napeza nsambo yaikulu, ya mawu a pansi, itatsika. Zimenezo zimachitika, makamaka kukatentha. Anaikweza n'kuimba. M'mawa mwake inali itatsikanso. Anapaka choko pa chikhomo chomangira nsambo kuti chisaterere. Inatsikabe. Anachotsa nsamboyo n'kuika yatsopano. Inatsikabe. Chimene chinamuimitsa mtima n'chakuti sinkangomasuka chisawawa. Inkatsika n'kukaima pa liwu limodzimodzi tsiku lililonse, liwu loyera, ngati munthu wodziwa wachita kuitchuna mosamala n'kutsekanso bokosi.

Kenako anayamba kupeza fumbi loyera pa thabwa la chelo, m'kati mwa bokosi lotseka. Analinunkhiza. Anali gaga.

Nthawi yomweyo anthu okhala pafupi ndi chigayo anayamba kunong'onezana. Amati magetsi akazima madzulo, dzuwa litangolowa, mawailesi onse atakhala chete, m'chigayomo mumamveka kugunda. Osati nyimbo ayi. Kugunda kamodzi, kenako zii, kenako kamodzinso, ngati munthu akudikira mnzake kuti ayambe. Agalu a m'mudzi anasiya kuuwa nthawi imeneyo. Ankapita kukagona pa thanthwe, mitu italoza kuchitseko. Ine ndinawaona agaluwo, ndipo ndinasintha njira yopitira kumpopi.

Ndiye uta unasowa. Unali uta umene sisitere uja anamusiyira pomwalira, ndipo Zione sankaubwereketsa kwa munthu. Anagwedeza nyumba yonse. Anayang'ana pansi pa bedi, kuseri kwa kabati, ngakhale m'thumba la ufa.

"Amayi, kodi munalowa munthu muno?"

A Nachisale anali pakhonde monga mwa nthawi zonse. Kenako anachotsa maso kuphiri, koyamba chibwerere Zione, naloza ndi chibwano kumene kunali chigayo.

Zione sanapiteko. Anabwereka uta wina kusukulu n'kudziuza kuti ana a m'mudzi ndi akuba.

Madzulo ena akuchokera kuntchito, atatsika minibasi, anakumana ndi mayi wina pa njira yokwera. Kunali kotentha, fumbi lokhalokha, mitengo ilibe tsamba. Mayiyo anali atasenza dengu la chimanga, atavala chitenje chobiriwira, ndipo anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo.

"Zikomo, mayi," anatero mwaulemu. "Kodi kuchigayo mutsegula liti?"

"Chigayo cha bambo anga? Chinatsekedwa kalekale. Pitani cha kumsika."

"Ayi, chomwechi. Tilipo ambiri, ndipo tatopa kuima panja. Mnyamata uja wati mawu otsalawo muli nawo ndinu."

"Mnyamata uti?"

Mayiyo anamwetulira ngati munthu wochita manyazi, nakonza dengu pamutu. Apo m'pamene Zione anaona kuti chitenje chija chikudontha madzi, ndipo mphepo yonse pamenepo inkanunkha dothi lonyowa. Kabaza wina anaimba belu kumbuyo kwake. Zione anapatuka kuti adutse. Potembenuka, njira inali yokha, kukwera mpaka kumtunda.

M'mawa mwake sanapite kusukulu. Ananyamula chelo napita kumene Sosteni ankawotcherera mafelemu a mawindo. Sosteni atamuona anazimitsa makina, navula magalasi akuda.

"Achemwali, mwatiyendera."

"Makiyi a chigayo ali ndi inu?"

"Ali ndi ine. Koma sindinatsegulemo chichokere mnzanga. Ngakhale gitala sindinaigwire."

Zione sanafotokoze zambiri. Anakhala pa chitini cha penti, naimika chelo, nakoka nsambo yotsika ija ndi chala. Liwu linatuluka lakuya, lonjenjemeretsa zidutswa za malata zimene zinali pansi.

Sosteni anakhala pansi pafumbi pomwepo.

"Wakuuzani ndani liwu limenelo?"

"Palibe. Chimadzitchuna chokha."

"Nyimbo yomaliza imene Fatsani ankapanga," anatero Sosteni, "anatiuza kuti titsitse nsambo zonse mpaka pamenepo. Ine ndinati gitala imveka ngati ng'ombe yodwala. Iye anati pakati pa nyimboyo pali malo a achemwali ake, ndipo tiisiye yosamaliza mpaka mutabwera."

Anaitana Asiyatu kumsika. Atatuwo anakwera kuchigayo dzuwa lili pamutu, chifukwa palibe amene ankafuna kukafikako mthunzi utatalika. Panjira Zione anafotokoza za mayi wa dengu uja. Atatchula chitenje chobiriwira ndi mpata wa mano, Asiyatu anaima nagwira pakamwa.

"Zimenezo musakauze a Chikaonda," anatero. A Chikaonda anali mkulu wa mpingo wa m'mudzimo, ndipo akazi awo anali m'gulu la osapezeka. 

Loko anali atachita dzimbiri moti Sosteni anachita kumuthira oyilo. Chitseko chitatseguka, m'katimo munali fumbi ndi ukonde wa akangaude paliponse, pa masipika, pa zingwe, pa mawindo. Pansi panalibe phazi la munthu. Koma kampando ka ng'oma kanali koyera ngati wangochokapo wina. Ndipo pa ng'oma yaing'ono, atauika mowongoka bwino, panali uta wa sisitere.

Asiyatu anayamba kupemphera chamumtima. Sosteni anatsamira khoma. Zione anatenga utawo, napeza mpando wina n'kukhala. Sanadziwe choti achite, ndiye anachita chimene ankadziwa. Anakweza nsambo ija n'kuimba nyimbo yachisoni ya akatswiri akale, yofatsa, imene ku Cape Town inkaliza azimayi achizungu. Anaiimba bwino kwambiri. Atamaliza, m'chigayomo munali zii, koma osati bata la anthu okhutira. Linali bata la anthu amene awapatsa chakudya chosakhala chawo.

Ali chikhalire, nsambo yaikulu inalira yokha, pang'onopang'ono, ikutsika pamaso pawo.

"Akuti si imeneyo," ananong'oneza Asiyatu.

Sosteni anapukuta maso ndi malaya. Anafufuza m'katoni natulutsa kachipangizo kogwira mawu, nakamata pa chelo, nalumikiza chingwe kudzera m'kabokosi koponda ndi phazi mpaka ku sipika yaikulu.

"Fatsani anagulira inu kameneka. Pondani apa, kenako mukweche. Musachite ulemu."

Zione anaponda, nakoka uta. Mawu amene anatuluka anamudzidzimutsa moti anatsala pang'ono kugwetsa chida. Sanali mawu a munthu waulemu. Anali mawu a miyala ikugubuduzika. Anafuna kusiya, koma dzanja linakana. Anakanikiza uta mpaka ubweya unayamba kuduka, ndipo zonse zimene anazimeza chibwerere, mkwiyo wake pa phiri, pa mvula, pa mlongo wake wothamangira imfa ndi khasu, zinatulukira m'sipikamo. Anadzimva akukuwa pamodzi ndi chida chake.

Atakweza uta kuti apume, kumbuyo kwake ng'oma yaikulu ya phazi inagunda.

Du.

Asiyatu anathawa mpaka pa thanthwe. Anaima pamenepo akupuma mwawefuwefu, kenako anamanga chitenje chake mwamphamvu nabwerera.

"Ngati ndi iyeyo, sangatichite kanthu," anatero. "Ankaopa ngakhale kupha nkhuku. Sosteni, katenge gitala."

Kuyambira pamenepo ankakumana masana alionse. Musaganize kuti zinali zophweka. Zione, ndi maphunziro ake onse, m'chigayomo anali mwana wa sitandade wani. Anafunsa pepala la nyimboyo, Sosteni n'kuseka mpaka kutsamwa.

"Pepala? Achemwali, kuno timayang'anana kumaso."

Ankalowa mochedwa, ankasiya msanga, ankakongoletsa malo ofunika kuwasiya aukali. Asiyatu ankamukalipira kuti akuimba ngati akupempha chilolezo. Koma nayenso anawabweretsera zake. Anamva kuti pansi pa phokoso la nyimbo ya Fatsani panali kayendedwe ka nyimbo za pa maliro, zija amayi amaimba mosinthana, wina kutsogolera ena kuvomera. Anaonetsa Sosteni poti gitala idikire, naonetsa Asiyatu poti atsitse mawu kuti kubangula kwake kukabwera kupweteke. Ng'oma palibe ankazikhudza. Nthawi zina zinkakhala chete masana onse. Nthawi zina, akalondola, zinkagunda kamodzi kapena kawiri, ndipo iwo anaphunzira kusatembenuka.

Mudzi sunakondwere. Miyala inayamba kugwa padenga la chigayo. Kusukulu anamuitana Zione n'kumuuza kuti makolo amva zoti amaimba ndi gulu lokayikitsa. A Chikaonda anabwera kunyumba, nakhala pakhonde chipewa chili pa bondo.

"Mwana wanga," anatero, "anakuphunzitsani ndi anthu a Mulungu. Mudzi uno uli ndi bala. Inu mukuthiramo tsabola. Akufa asiyeni agone."

"Bambo, nanga ngati sakugona?"

A Chikaonda anaimirira. Kenako anavala chipewa napita osatsanzika.

Sabata yomweyo a ku Cape Town anaimba foni. Anati mpando wake sangausunge kupitirira chaka chimenecho, abwerere kapena aupereke kwa wina. Zione anawapempha kuti aganize kaye. Anakhala pa bedi akuyang'ana zala zake, zimene zinamutengera zaka zonse za utsikana wake kuti zifike pomwe zinafika. Kunja mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri, ndipo mudzi wonse unkayenda maso ali kumwamba. Chichitikire ngozi ija, ana a kwa Likotima akamva bingu ankalowa pansi pa bedi.

Mvula yoyamba inabwera masana. Kunada ngati usiku wafika msanga, mphepo inazula malata kumsika, kenako madzi anatsika ngati akuchita kukhuthula. Phiri linayamba kulira, kulira kuja kwa madzi othamanga m'makwalala, ndipo wina anakuwa kuti likubweranso. Anthu anatuluka m'nyumba ndi ana kumsana. Kothawira kolimba kunali kumodzi kokha, nyumba ya njerwa ya pa thanthwe. Ine ndinali m'gulu lomwelo. Tinakankha chitseko cha chigayo, ife amene tinkachilambalala, n'kupeza atatu aja ali ndi zida m'manja.

Tinadzazana. A Chikaonda analimo, atanyowa mpaka m'mafupa. A Nachisale analowa pomalizira, atagwiridwa dzanja ndi mnansi. Magetsi anali atazima. Ana ankalira, amayi ena ankapemphera mokweza, ndipo mvula padenga inkachita ngati ikufuna kutiphwanya. Mantha anali akukula, ndipo ndinaona kuti posachedwa anthu ayamba kupondana pakhomo.

Apo a Nachisale anayenda pakati pa anthu mpaka pamene panali mwana wawo. Anayang'ana kampando kopanda munthu kaja, kenako anayang'ana Zione.

"Imbani," anatero.

Zione anawayang'ana modabwa. Kunali kuyamba kumva liwu la mayi ake chiyambire nkhani ya nthochi ija.

"Ndati imbani. Mvulayi isalankhule yokha."

Sosteni analiza jenereta yake yowotcherera imene inali pakhonde. Zione anaponda kabokosi kaja, nakoka uta pa nsambo yotsika. Liwulo linadzaza chigayo, linalowa m'chifuwa cha aliyense, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo panapezeka chinthu chachikulu kuposa mvula. Ana anasiya kulira ndi kudabwa. Gitala inalowa. Kenako ng'oma zinalowa, osati kamodzi ayi, koma zonse, manja ndi mapazi, mwamphamvu ndi mwachimwemwe, monga tinkazimvera kale tikamadutsa ndi kunyoza. Amene anali kutsogolo anayang'ana pansi. Palibe anakuwa. Palibe anathawa. Ndimakumbukira kuti m'chigayomo munayamba kuthina kuposa poyamba, ngati anthu akulowabe, chonsecho chitseko chinali chotseka. Paphewa panga panatsamira wina wozizira, wonunkha dothi, ndipo sindinatembenuke. Sindinaope. Ndinangosendera pang'ono kuti apeze malo.

Asiyatu sanaimbe mawu a nyimboyo. Anatseka maso nabangula dzina.

"Fatsani!"

Chelo chinavomera ngati gulu la amayi pa siwa. Anabangulanso dzina lina, la mwana wa mnansi wake. Mayi wa mwanayo anagwa pansi n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kumene anakusunga miyezi yonseyi. Kenako maina anayamba kuchokera kwa ife. Uyu kutchula mwamuna wake, uyo kutchula mdzukulu, Asiyatu n'kumalitenga dzina lililonse n'kuliponya kudenga ndi mawu ake a mkango aja. A Chikaonda anaima chilili, nsagwada zitalimba. Kenako ndinawamva, mawu ang'onoang'ono ngati a mwana.

"Esinati."

Asiyatu analitenga dzina la akazi awolo nalikweza, ndipo bambo aja anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka.

Pakati pa nyimbo panafika malo aja Fatsani anasiyira mlongo wake. Gitala inakhala chete, ng'oma zinatsika n'kumangogunda pansipansi ngati mtima. Zione anaimba yekha. Sindidziwa kuti ndinene kuti zinali za sisitere kapena za m'chigayo, chifukwa zinali zonse pamodzi, zofatsa ndi zaukali, ngati munthu akutsanzika mnzake pa depoti akumukalipira kuti wachedwa. A Nachisale anagwada, naika dzanja pa ng'oma yaikulu, nalira mwana wawo ndi mawu onse.

Nyimbo itatha, ng'oma inagunda komaliza. Tinamva kuti mvula yasanduka yawamba, ya chimanga. Phiri linali pamalo pake. Ndipo tonse tinazindikira chinthu chimodzi, ngakhale palibe anachitchula: m'chigayomo munali malo ambiri tsopano, oti munthu n'kutambasula manja, chonsecho palibe anatsegula chitseko.

Maliro a onse osapezeka anachitika limodzi mwezi womwewo. A Chikaonda ndi amene anatsogolera mapemphero, ndipo pomaliza anapempha okha kuti a kuchigayo aimbe, koma atsitseko pang'ono chifukwa cha okalamba. Zione anaimbira foni ku Cape Town nawathokoza, nawauza kuti mpandowo aupereke. Ntchito ya kusukulu inatha, koma makolo ena a kwa Likotima anayamba kubweretsa ana awo kuchigayo Loweruka m'mawa, ndipo iye amawaphunzitsa zonse ziwiri, kuwerenga pepala ndi kuyang'anana kumaso.

Ng'oma zija sizinagundenso zokha. Gulu linafunika womenya wamoyo, ndipo amene anabwera anadabwitsa aliyense: a Mpinganjira, bambo wa imvi amene anakhala zaka zambiri m'bandi ya malipenga ya boma. Anati anali m'chigayo tsiku la mvula lija, ndipo manja akhala akuwayabwa kuyambira pamenepo.

Tsiku loyamba kuyeserera nawo, a Nachisale anabwera ndi mpando wawo n'kukhala pakhomo, akusenda mbatata. Anamvetsera nyimbo yoyamba mpaka kutha, nkhope itakwinyika. Kenako anaika mpeni pansi.

"Zione!"

"Wawa, amayi."

"Bambo awa akumenya ngati ali pa perete. Auze kuti ng'omazo si za boma, ndi za m'nyumba muno. Amenye."

A Mpinganjira anaseka mpaka misozi. Anavula jekete, napinda manja a malaya, nalavulira m'zikhatho.

"Mwamva, ana inu," anatero. "Tiyambirenso."